Piyano Yokana Kutonthola

Mwezi uno tisiyeko pang'ono nkhani za minda ndi za kulera ana, tikambe za cinthu cimene ambiri a ife timangociona pa wailesi ya kanema kapena m'holo za masukulu a mishoni: piyano yaikulu yogona, ija ya miyendo itatu, imene cibvundikiro cake cimatseguka ngati phiko la mbalame. Mwina wina afunsa kuti kodi za piyano zitikhudza bwanji ife eni ng'oma ndi kalimba. Koma mapiyano alimo ndithu m'dziko muno, m'masukulu, m'maseminale, m'mahotela ndi m'nyumba zina, ndipo ambiri a iwo akufa ndi matenda ang'onoang'ono amene akadacira pakadapezeka munthu wodekha wowazindikira.

M'holo ya paparishi pathu, kuno kum'mawa, muli piyano yotere. Inabwera kalekale ndi masisitere amene ankaphunzitsa pasukulu ya atsikana, ndipo ife tili anyamata m'zaka za m'ma 1980 tinkaloledwa kuipukuta fumbi cabe. M'dzinja lapitali, m'mwezi wa Febuluwale mvula ili pakati, mtsogoleri wa kwaya anatipeza nkhope ili yakugwa. "Aphunzitsi," anatero, "limba lija layamba kulira lokha. Ndikacotsa zala, mau sakuleka." Tinapita kukadzimvera tokha, ndipo zinalidi conco. Munthu akagunda kiyi ndi kuisiya, mau ankapitirirabe kung'ung'udza. Akaimba nyimbo yathunthu, mau onse ankalowana ngati pamsonkhano pamene aliyense akulankhula nthawi imodzi.

Pakomiti ena anati tiigulitse kwa ogula zitsulo zakale kuti tigule kiyibodi ya magetsi. Anali ataiwala msanga caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Masiku amenewo piyano yakaleyi ndiyo inkaphunzitsa kwaya madzulo alionse. Mnyamata wina wa mtima wabwino anali atabwera kale ndi kabotolo ka mafuta a makina osokera. Tinamupempha kuti adikire kufikira titafunsa mmisiri, ndipo zambiri zimene tilembe pano tinazitola kwa mmisiri ameneyo, bambo wacikulire wa ku Lusaka, ndi kwa ena amene takhala tikuwaonerera m'zaka zapitazi.

Tiyambe ndi m'mene mau amayambira ndi m'mene amathera. Piyano ili ndi makiyi 88, koma nsambo zake zimapitirira 200, pakuti mau ambiri ali ndi nsambo zitatu, ena ziwiri, ndipo a pansi penipeni, aja a besi, ali ndi imodzi yonenepa yokulungidwa ndi waya wa mkuwa. Mukadinikiza kiyi, kanyundo kobvala ubweya kamalumpha kucokera pansi, n'kumenya nsambo, n'kubwerera. Nsambo yomenyedwa ikasiyidwa yokha imalira nthawi yaitali, ndipo za besi zimatha masekondi makumi angapo zisanatonthole. Woimba ng'oma amaidziwa bwino nkhani imeneyi: akamenya, amaika cikhatho pacikopa kuti adule mau panthawi yake. Woimba gitala amacita cimodzimodzi ndi mphepete ya dzanja. Koma woimba piyano sangafikire nsambo, conco opanga anampatsa timanja tina m'kati, timene amisiri amaticha madampa. Mukatsegula cibvundikiro mudzaona mzere wa timitengo takuda titakhala pamwamba pa nsambo ngati anamzeze pa waya wa magetsi. Amenewo ndiwo madampa, ndipo kunsi kwa kamtengo kalikonse kuli ubweya wa nkhosa wopanikizidwa, wofewa ngati wa cipewa.

Dampa iliyonse ili pamutu pa waya amene amatsika pakati pa nsambo, n'kudutsa pabowo la kathabwa koongolera. M'bowomo anayalamo kansalu kuti waya asagwedere ndiponso asalire. Pansi, wayayo amamangidwa ndi kasikuluwu ku kamtengo kena kogona, kamene anakalemeza ndi tizidutswa ta mtovu. Kiyi ili ngati katungwe wa ana uja wa thabwa: mukaidinikiza kutsogolo, mcira wake kumbuyo umakwera n'kunyamula kamtengo kogonako, ndipo dampa imacoka pansambo kanyundo kali pafupifupi pakati pa ulendo wake. Mukasiya kiyi, dampa imabwerera. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'piyano yoimirira, ija yotsamira kukhoma, masipuling'i ndiwo amakankhira madampa kunsambo. M'piyano yogona dampa imagwa ndi kulemera kwake, ngakhale kuti opanga ena amaikamo timasipuling'i tothandizira. Cinthu cimene cimagwa ndi kulemera kwake kokha, kulemerako kuli kocepa, sicicedwa kukodwa.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Bartolomeo Cristofori wa ku Padua, amene anapanga piyano yoyamba ku Florence ca m'ma 1700, anaikamo kale madampa, ndipo mapiyano ake atatu alipobe lero ku New York, ku Rome ndi ku Leipzig. Zopondera za kumapazi zinabwera pambuyo pake. M'caka ca 1801 Beethoven analemba nyimbo imene anthu anadzaicha Moonlight Sonata, ndipo analangiza kuti gawo lake loyamba liimbidwe madampa ali m'mwamba. Pa mapiyano a masiku ake, amene mau ao ankatha msanga, zimenezi zinkakoma. Pa a lero oimba amasinthasintha phazi kuti mau asasokonekere. Tsono cimene Beethoven anapempha mwadala, piyano yathu inkacita popanda woituma, ndiponso panyimbo iliyonse.

Titamuimbira foni mmisiri uja, sanatifunse dzina la piyano kapena zaka zake. Funso lake loyamba linali lakuti: "Kodi akulira ndi mau onse, kapena ena okha?" Anaticenjezanso kuti tisawerengere makiyi a kumapeto kwa kudzanja lamanja. Makiyi pafupifupi 20 a kumeneko alibe madampa cipangidwire, cifukwa nsambo zao ndi zazifupi ndipo zimatonthola zokha msanga. Anthu ambiri akaona mzere wa madampa ukuthera panjira amaganiza kuti ena anabedwa kapena anathyoka. Nsambo zomasukazo zimayankhanso mau ena akagundidwa mwamphamvu, motero kamkokomo kakang'ono kotsalira m'mwamba si matenda ai.

Ngati akulira ndi mau onse, musalimbane ndi madampa, yang'anani kumapazi. Copondera ca kumanja cimakankha ndodo ya citsulo, ndodoyo imakankha mitengo ya pansi pa piyano, ndipo pomaliza thabwa lalitali limanyamula madampa onse pamodzi. Kuti madampa akhazikike bwino pansambo, thabwalo liyenera kuwasiya kotheratu. N'cifukwa cake copondera cabwino cimakhala ndi kampata: mukacitsitsa pang'onopang'ono ndi dzanja, cimayenda pang'ono madampa asanagwedezeke. Ngati madampa ayamba kunyamuka mutangocikhudza, kampatako katha, ndipo thabwa lija likuwanyamula usana ndi usiku, mwina ndi mpata wosakwana ndi kuonda kwa pepala, koma wokwanira kuti nsambo zilire. Zimene zimathetsa kampatako n'zambiri: mitengo imatupa ndi kuuma monga mwa nyengo, cinthu cimatha kugwera m'njira ya thabwa, kapena ndodo imacoka pamalo pake. Kwathu tinagwada ndi tochi n'kupeza kuti ndodo inali itatsamira m'mphepete mwa kabowo kake. Apo tinakumbukira kuti pa ukwati wina m'mwezi wa Disembala anyamata anaikoka piyano kucoka pakati kupita kukhoma, osainyamula, ndipo cimango ca zopondera cinagunda pacitsononkho ca simenti. Titabwezera ndodo m'malo mwake, monga anatilangizira pafoni, phokoso lalikulu linatha pomwepo. Tinacita manyazi pang'ono poganiza kuti tinatsala pang'ono kugulitsa limba cifukwa ca ndodo yokhala molakwika.

Copondera ca pakati naco cimatha kubvuta, ngakhale kuti ambiri sacigwiritsa nchito. A Boisselot a ku Marseille anacionetsa koyamba m'caka ca 1844, ndipo kampani ya Steinway inacikonzanso n'kucilembetsa mu 1874. Nchito yake ndi kugwira madampa okhao amene akwera kale, ena onse n'kuwasiya. Citsulo cake cikasuntha pang'ono cimayamba kukola madampa osacituma, lero awa, mawa ena. Mukaona madampa akulendewera mosinthasintha conco, cikaikireni ici.

Phokoso lalikulu litatha, panatsala makiyi asanu ndi awiri amene ankalirabe. Apa ndi pamene akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amakhala pambali ndi tochi, wina n'kumadinikiza kiyi ndi kuisiya pang'onopang'ono, maso ali pa dampa. Ngati dampa yatsalira m'mwamba, kapena ikutsika monyinyirika anzake atafika kale, ndiye kuti yakodwa. Inyamuleni ndi zala ziwiri mosamala, molunjika m'mwamba, n'kuisiya. Yabwino imagwa nthawi yomweyo. Kawirikawiri wolakwa ndi cinyezi. Walira mvula walira matope: mvula imene imameretsa cimanga ndiyo imatupitsanso kansalu ka m'bowo lija pamodzi ndi thabwa lake, bowo n'kupanikiza waya. N'cifukwa cake piyano imene inkaimba bwino m'Okutobala imadwala m'Febuluwale, ndipo nthawi zina imacira yokha m'cilimwe, eni ake n'kumati inali ndi mizimu. Dzimbiri ndi litsiro pa waya zimacita cimodzimodzi. Waya wopindika amakhula mbali imodzi ya bowo, kapena amakhotetsa dampa kuti izikhudzana ndi inzake. Nthawi zina bvuto lili pansi, pa kansonga kacitsulo kamene kamtengo kogona kaja kamazungulirapo, ndipo kumeneko maso a mwini piyano safika.

Cobvuta koposa ndi dampa imene yatsika ndithu, mukuiona ili pansambo, koma mau akudonthabe. Ikani cala pamutu pake mopepuka. Ngati mau atha, dampayo siikukhala ndi kulemera kwake konse. Mmisiri uja anationetsa mayeso ena okoma: anatenga kamtengo kofewa n'kutsindikiza nsambo pansi pang'ono pafupi ndi dampa. Dampa yabwino imatsatira nsambo potsika. Ikatsalira yokha m'mwamba, ndiye kuti pansi pali cimene caigwira, kaya mcira wa kiyi kaya thabwa la copondera, ndipo mankhwala ake ndi kumasula kasikuluwu kaja ndi kuika waya pamlingo wake. Ngati dampa ikutsatira koma mau akadalipo, amakodola nsambo zitatuzo imodziimodzi kuti amve imene ikulira. Kawirikawiri imakhala imodzi yokha, imene yatsika pang'ono kuposa zinzake kapena yasunthira kumbali, motero ubweya ukugwira ziwiri n'kuiphonya yacitatu. Ubweyawo suli wa mtundu umodzi: pansambo imodzi ya besi uli ndi ngalande yokumbatira nsambo, pansambo ziwiri ndi wosongoka wolowa pakati, pansambo zitatu uli ndi mano awiri, ndipo kumtunda ndi wathyathyathya. Uliwonse uyenera kugwera pamalo pake penipeni. Tisaiwale kunena kuti nsambo sazigwira ndi manja osabvala kanthu, makamaka za mkuwa, pakuti thukuta limazidetsa ndi kuyambitsa dzimbiri.

Ndiye pali adani a ubweya. Njenjete zimaudya monga zimadyera jekete la m'bokosi. Mbewa ndi makoswe amauzula kukamangira zisa, ndipo piyano imene imakhala miyezi yosaimbidwa ndi nyumba yabwino kwa iwo. Tiyi, zakumwa za shuga ndi madzi a maluwa zikadonthera paubweya, umauma n'kukhala gwa, ndipo dampa yotere ikatera pansambo imalira ngati njuci isanatontholetse mau. Pa ziwiri za zathu tinapeza phula la kandulo. Tinadziwa mwini mlandu osafunsa, pakuti ndife tomwe tinkaimika makandulo pamwamba pa piyano masiku a mdima aja kuti oimba aone mapepala. Ubweya wotere sucapidwa, umafuna watsopano.

Alipo matenda ena otembenuka. Kiyi ina mukaigunda imangoti phu, mau n'kufera pomwepo: dampa siikunyamuka, ndipo kanyundo kakumenya nsambo yogwidwa. Kawirikawiri kasikuluwu kamasuka ndipo waya akungoterereka, kapena ubweya wa pamcira pa kiyi wacoka. Kiyi yolemera kuposa zinzake mwina ikunyamula dampa mofulumira, cala cisanapeze liwiro. Ndipo pamwamba pa timitengo togona pali kathabwa kochinga kuti madampa asalumphe mopitirira. Kakakwera kwambiri, dampa imalumpha n'kugweranso pakiyi, woimba n'kumamva kugunda m'cala. Kakatsika kwambiri, kiyi imakanika kufika pansi.

Tibwerere ku kabotolo ka mafuta. Mnyamata uja sanalakwe kuganiza: njinga ikalira timaithira mafuta, citseko cikalira cimodzimodzi. Koma m'piyano zitsulo zimayenda m'nsalu, ndipo nsalu ikamwa mafuta imasanduka msampha wa fumbi. Pofika mwezi wa Ogasiti, mphepo ya fumbi ili m'kati, dampa imene inkangocedwa imaima ndithu. Coopsa koposa n'cakuti mafuta amayenda. Nsambo zonse pamodzi zimakoka ndi mphamvu ya matani pafupifupi 18 mpaka 20, ndipo cimene cimazigwira ndi zikhomo zacitsulo zothina m'thabwa lolimba. Mafuta akafika m'thabwa limenelo zikhomo zimayamba kuterereka, piyano n'kuleka kusunga mau, ndipo kukonza kwake kumaposa mtengo wa mapiyano ambiri akale. Mankhwala opopera tizilombo nawonso asapoperedwe m'kati, pakuti amanyowetsa ubweya ndi kudetsa nsambo. Mmisiri akapeza bowo lothina amacotsa dampa, n'kupukuta waya kufikira atasalala, n'kupanikiza kansalu ndi kacitsulo kosongoka, nthawi zina kofunditsa pang'ono. Ndi nchito ya mphindi zocepa kwa woidziwa.

Zinthu ziwiri tikupemphani kuti musayese. Coyamba ndi kupinda waya wa dampa ndi manja kapena ndi pulayala ya panjinga. Wayayo ali ndi mapindidwe angapo, lililonse ndi nchito yake, ndipo mukakonza limodzi mosadziwa mumasokoneza enawo. Caciwiri ndi kusolola makiyi onse kunja kuti muone za m'kati. Amasololeka ndithu ngati dirowa ya tebulo, koma kiyi imodzi ikadinikizika posolola, kanyundo kake kamakwera n'kukodwa kuthabwa la pamwamba, n'kuthyoka. Ambiri amene anayesa kukonza dampa imodzi anatsala ndi tinyundo titatu m'manja.

Komabe mwini piyano ali ndi gawo lake, ndipo si laling'ono. Amisiri a mapiyano m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo kwa ife a kum'mawa kuitana mmodzi ndi ulendo wa makilomita oposa 500 pa mseu wa Great East. N'kofunika tsono kuti adziwe cimene akudzera asanakwere basi. Werengani makiyi kuyambira kumanzere, oyera ndi akuda omwe, n'kulemba manambala a amene akubvuta ndi m'mene akubvutira: uyu akulendewera, uyu akulira ngati njuci, uyu wafa. Jambulani kanema pafoni kiyi ikutsika ndi kukwera, mumtumizire. Cotsani mapensulo, ndalama zacitsulo ndi timapepala timene mukutiona ndi maso ndipo mungathe kutifikira osakankha kanthu. Piyano ikhale kutali ndi zenera ndi khoma lonyowa, pansi pake asakolopepo ndi madzi ambiri, ndipo cibvundikiro cizikhala cotseka pamene siikuimbidwa. Amisiri amati imakondwa cinyezi ca mumpweya cikakhala pakati pa 40 ndi 50 peresenti, ndipo ife kuno timadumpha malire amenewa mbali zonse ziwiri caka ciliconse. Ena amaika pansi pake kandodo ka magetsi kofunditsa pang'ono, kamene kamadziyatsa ndi kudzizimitsa kokha. Koma mbaula ai. Tinamvapo wina akulangiza zimenezi pakomiti, ndipo tinakana kwamtuwagalu: moto wotere umang'amba thabwa lopyapyala limene limakuza mau, ndi kumasula guluu ponseponse. Pomaliza, iimbidwe. Piyano yoimbidwa sabata ndi sabata mbewa zimaiopa, ndipo bvuto likayamba limamveka lisanakule.

Mmisiri wathu anafika m'mwezi wa Malichi, mvula ikupita kumapeto. Anagwira nchito kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, mtsogoleri wa kwaya ndi mnyamata wa mafuta uja akumunyamulira tochi. Madampa anai anangofuna kumasulidwa mabowo, imodzi inali ndi waya wopindika, ndipo pansi pa thabwa la copondera anatulutsapo pensulo ndi kobiri la ngwee zakale. Anaikanso bwino kampata ka copondera n'kutionetsa nati imene imasintha mlingo wake. Ndalama za basi zinaposa za nchito yeniyeniyo. Ubweya wa madampa awiri a phula aja analibe m'cikwama, ndipo anati adzabwera nao m'Okutobala podzakunga nsambo. Pocoka anamuuza mnyamata uja kuti, "Mwana wanga, ukadzamaliza sukulu udzandipeze, maso uli nao." Kufikira Okutobala, kiyi ya nambala 34 ndi ya nambala 35 zikulirabe ngati njuci, ndipo mtsogoleri wa kwaya wakweza nyimbo ziwiri kuti azizilambalala.